Funsani Akatswiri: Mabuku Ozindikirira Mbalame ndi Nyama za M'nyanja Yozizira ya Kum'mwera

Makalata a mwezi uno akukhudza mbalame, anamgumi ndi akatumbu (ma seal) a m'nyanja yozungulira Antarctica, makamaka mabuku othandiza kuzindikira zamoyo zimenezi. Mayina a mitundu tawasiya monga alembedwera m'mabukumo kuti musavutike powafufuza.

FUNSO: A Mkonzi, mu Januwale ndikwera sitima yochokera ku Ushuaia, doko la kum'mwera kwa Argentina, kupita ku Antarctic Peninsula, ndipo katundu wanga sayenera kulemera. Nditenge buku liti? Kodi labwino ndi la zithunzi zojambula pamanja kapena za pa kamera?

YANKHO: Ngati n'limodzi basi, tengani la Hadoram Shirihai lotchedwa A Complete Guide to Antarctic Wildlife, limene linatuluka koyamba mu 2002 ndi zithunzi zojambulidwa ndi Brett Jarrett. Ubwino wake ndi wakuti mbalame, anamgumi ndi akatumbu zonse zili m'chikuto chimodzi, komanso likufotokoza zilumba monga South Georgia ndi South Shetland. Koma lili ndi masamba oposa 500, choncho ndi buku losiya m'chipinda, si loyenda nalo pakhonde la sitima mphepo ikukuntha. Amene mtima wawo uli pa mbalame zokha amakonda la Derek Onley ndi Paul Scofield la mu 2007, lonena za ma albatross, ma petrel ndi ma shearwater, chifukwa limalowa m'thumba lalikulu la jekete.

Pa nkhani ya zithunzi, woyamba kumene ayambe ndi zojambula pamanja. Wojambula amaika mitundu yofanana patsamba limodzi, yonse itayang'ana mbali imodzi, mapiko atatambasulidwa mofanana, moti diso limagwera msanga pamene pali kusiyana. Kamera imagwira mbalame imodzi pa kamphindi kamodzi, dzuwa likuwala mwa tsiku limenelo. Zithunzi za pa kamera zimathandiza pambuyo pake, mukafuna kuona mmene nthenga zakutha kapena mitambo yakuda zimasinthira maonekedwe.

Musanagule buku lililonse, tsegulani pa ma albatross n'kuona zinthu zitatu. Kodi mbalame iliyonse yajambulidwa ikuuluka, pamwamba pa phiko ndi kunsi komwe? Kodi ana ndi zamisinkhu yapakati zilipo, kapena zazikulu zokhazokha? Nanga mapu akusiyanitsa kumene imaswana ndi kumene imayendayenda panyanja? Buku longoonetsa mbalame itatera pachisa silikuthandizani, chifukwa pafupifupi zonse zimene mudzaone pa Drake Passage, nyanja ya pakati pa South America ndi Antarctica, zidzakhala zikuuluka. Kwa anamgumi, funani buku lojambula zimene zimaoneka pamwamba pa madzi motsatizana: nthunzi, msana, chipsepse, mchira. Thupi lonse la namgumi simudzaliona.

Ntchito yaikulu ya bukulo ichitike musananyamuke. Gawani ulendo panayi: Beagle Channel (ngalande ya nyanja pamene pali Ushuaia), kumpoto kwa Drake Passage, kum'mwera kwake, ndi Peninsula yeniyeniyo. Pa gawo lililonse lembani papepala mitundu imene mapu akusonyeza kuti imapezeka m'mwezi wanuwo. Malire ofunika kwambiri ndi Antarctic Convergence, pamene madzi ozizira ochokera kum'mwera amalowa pansi pa ofundako a kumpoto. Pamenepa kutentha kwa madzi kumatsika ndi madigiri 2 kapena 3 pa mtunda waufupi, nthawi zambiri pamachita nkhungu, ndipo mbalame zimasintha. Mukawoloka malirewa, masamba ambiri a m'buku lanu atha ntchito, ndipo zotsalazo ndi zoti munthu angathe kuziloweza. Drake Passage ndi yotambalala pafupifupi makilomita 800, ulendo wa masiku awiri, nthawi yokwanira bwino kuyeserera.

FUNSO: Zikomo akatswiri athu. Buku langa lili ndi zithunzi zambiri za wandering albatross, china chakuda, china choyera, ndipo zina n'zofanana ndi royal albatross. Munthu angasiyanitse bwanji sitima ikugwedezeka?

YANKHO: Apa ndi pamene anthu ambiri amagwa ulesi, koma pali poyambira. Choyamba musadalire kukula. Inde wandering albatross ali ndi mapiko ofika mamita 3.5 kuchokera nsonga ina kufika ina, pomwe black-browed albatross amafika cha m'ma 2.4, koma pakati pa nyanja palibe mtengo kapena nyumba yoyerekezera, ndipo mbalame yaing'ono ili pafupi imaoneka ngati yaikulu ili patali. Yang'anani msana, pakati pa mapiko awiriwo. Ma albatross aakulu, wandering ndi royal, akakhwima msana wawo umayera. Ang'onoang'ono, monga black-browed ndi grey-headed, kuda kwake kumayambira phiko lina, kudutsa pamsana, mpaka phiko linalo. Funso limodzi limeneli lagawa kale gululo pawiri.

Chifukwa chimene buku lanu lili ndi zithunzi zambiri n'chakuti wandering albatross amasintha nthenga moyo wake wonse. Amachoka pachisa ali wabulauni wakuda thupi lonse, nkhope yokha yoyera pamodzi ndi kunsi kwa mapiko. Akamathothoka nthenga zaka zikamapita amanka nayera, ndipo zimenezi zimatenga zaka zoposa 20. Aamuna amayera msanga ndiponso kwambiri kuposa aakazi. Tsono zithunzi zija si mitundu yosiyana, ndi misinkhu.

Kuti musiyanitse ndi southern royal, onani pamene kuyera kwa pamwamba pa phiko kwayambira. Kwa wandering kumayambira pakati pa phiko, ngati banga loyera limene limafalikira kutsogolo ndi kumbuyo. Kwa southern royal kumayambira kumphepete ya kutsogolo n'kumabwerera m'mbuyo, mooneka ngati phikolo lawazidwa ufa. Northern royal yekha mapiko ake pamwamba amakhalabe akuda ngakhale atakalamba. Mchira nawo umathandiza: wandering nthawi zambiri amakhala ndi nthenga zakuda zingapo kumchira, royal wamkulu mchira umayera pafupifupi wonse. Mbalame ikayandikira kumbuyo kwa sitima, yang'anani mlomo. Ma royal onse awiri ali ndi kamzere kakuda kodutsa m'mbali mwa mlomo, pamene mlomo wapamwamba umakumana ndi wam'munsi. Wandering alibe kamzereka, koma kawirikawiri amakhala ndi banga lapinki kuseri kwa khutu.

Pali chinthu chimene buku loona mtima limakuuzani ndipo ife tikubwereza ndi mtima wonse. Wandering albatross ali ndi abale ake, Tristan albatross woswana pachilumba cha Gough, Antipodean albatross wa kuzilumba za kum'mwera kwa New Zealand, ndi Amsterdam albatross. Pa misinkhu ina, ngakhale akatswiri sangawasiyanitse panyanja. Zikatero lembani kuti "gulu la wandering" n'kusiya pomwepo. Dzina lolakwika likalowa m'kaundula wa mbalame wa pa intaneti monga eBird limasokoneza amene amawerengera mbalamezi, zomwe zambiri mwa izo zikutha chifukwa chokodwa pa mbedza za asodzi a chingwe chachitali.

Chenjerani ndi giant petrel, amene oyamba kumene amamutcha albatross. Iye ali ndi linunda pouluka, mapiko ake ndi ouma ngati thabwa, ndipo pamwamba pa mlomo pali chubu chimodzi chachikulu cha mphuno. Albatross timphuno take ndi tating'ono, kamodzi mbali iyi kena mbali inayo. Mitundu iwiri ya giant petrel inasiyanitsidwa mu 1966, ndipo chizindikiro chake ndi nsonga ya mlomo: yofiirira kwa northern, yobiriwira motuwa kwa southern. Mukaona woyera mbee wokhala ndi timadontho takuda mwa apo ndi apo, ameneyo ndi southern, chifukwa northern alibe mtundu woyera.

FUNSO: Nanga timbalame totuwa tija, ma prion? Ndayesetsa, koma m'buku tonse tikuoneka timodzimodzi.

YANKHO: Si vuto la maso anu, bambo. Ma prion onse ndi otuwa mobiriwira pamwamba, oyera kunsi, ndipo ali ndi mzere wakuda wooneka ngati chilembo cha M wodutsa pamapiko. Amasiyana kwenikweni pa kutambalala kwa mlomo, kusiyana kwa mamilimita ochepa, komwe sikuoneka kambalame kakuthamanga pakati pa mafunde. Chimene mungathe ndi ichi: onani kukula kwa kuda kwa kunsonga ya mchira, kwakukulu kwa fairy prion ndi fulmar prion, kochepa kwa Antarctic prion ndi slender-billed prion. Ndipo m'gulu lililonse funanimo blue petrel, wofanana nawo kwambiri koma nsonga ya mchira wake ndi yoyera ndipo pamutu ndi pakuda. Zotsalazo jambulani ndi kamera, liwiro la shata likhale 1/2000 ya sekondi, mukazione madzulo mutakhala pansi.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wa sayansi. Ana anandifunsa mmene anthu amadziwira mtundu wa namgumi pomwe amangoona kamsana kwa masekondi awiri. Ndiwayankhe bwanji?

YANKHO: Mayi, auzeni kuti namgumi amadziwika ndi zinthu zinayi zotsatizana, ndipo woona bwino amazigwira monga momwe zikubwerera. Choyamba ndi nthunzi. Namgumi akatulukira amatulutsa mpweya wofunda wa m'mapapo, umene ukakumana ndi mphepo yozizira umaoneka ngati utsi. Blue whale nthunzi yake imakwera mowongoka mpaka mamita 9 kapena kuposa. Fin whale yake ndi yowongokanso koma yofika cha m'ma 6. Humpback yake ndi yaifupi, pafupifupi mamita 3, yotambalala ngati chitsamba. Southern right whale imagawikana pawiri ngati chilembo cha V. Sperm whale imapendekera kutsogolo chakumanzere, chifukwa bowo lake lopumira ndi limodzi ndipo lili kumanzere kwa mutu. Antarctic minke yake ndi yaing'ono, moti nthawi zambiri mumaona msana nthunzi osaiona.

Chimalakwika apa ndi mphepo. Ikawomba mwamphamvu imagoneka nthunzi yaitali n'kuisandutsa ngati ya humpback, kapena kuphatikiza mbali ziwiri za V zija kukhala imodzi. Komanso nthunzi yoyamba namgumi akachoka pansi imakhala yaikulu kuposa zotsatira. N'chifukwa chake nthunzi yokha siikwanira kutchulira dzina.

Chachiwiri ndi nthawi yapakati pa nthunzi ndi chipsepse cha pamsana. Kwa sei whale ndi minke, ziwirizi zimaoneka nthawi imodzi kapena motsatana kwambiri. Kwa fin whale nthunzi imayamba, msana wautali n'kumadutsa, chipsepse n'kubwera pambuyo. Kwa blue whale msana umadutsa nthawi yaitali kwambiri, kenako n'kutulukira kachipsepse kakang'ono kosayenerana ndi thupi lotere. Chachitatu ndi maonekedwe a chipsepsecho: chachitali chopindika ngati chikwakwa kwa sei, chachifupi chokhala pa linunda kwa humpback, ndipo southern right alibiretu. Chachinayi ndi mchira. Humpback, sperm ndi southern right amautukula polowa pansi. Fin, sei ndi minke kawirikawiri sautukula.

Ana adzakondwa kumva za fin whale: chibwano chake cham'munsi n'choyera kumanja, chakuda kumanzere. Amene ali mbali ya kumanja ya namgumiyo akaona kuyera kumeneku pansi pa madzi, nkhani yatha, si sei. Auzeninso kuti kunsi kwa mchira wa humpback kuli mawanga oyera ndi akuda osiyana pa namgumi aliyense, ngati zidindo za zala. Kuyambira 2015 bungwe la Happywhale limalandira zithunzi za michira imeneyi kuchokera kwa anthu wamba n'kuziyerekezera pa kompyuta, ndipo mwa njira imeneyi namgumi wojambulidwa ku Antarctic Peninsula amatha kudzapezekanso kugombe la Ecuador kapena Colombia, kumene gulu limeneli limaberekera.

FUNSO: Ndili ndi buku lakale la Peter Harrison la mu 1983. Kodi ndi lotha ntchito?

YANKHO: Mbalame sizinasinthe, ndipo zimene Harrison analemba za kaulukidwe kake zikadali zoona. Chasintha ndi mayina ndi kagawidwe ka mitundu. Nthawi imeneyo ma albatross ankawerengedwa mitundu 13 kapena 14. Mu 1998 akatswiri awiri, Robertson ndi Nunn, anati ikhale 24, ndipo pangano la mayiko loteteza mbalamezi la ACAP, limene linayamba kugwira ntchito mu 2004, limazindikira mitundu 22. Choncho m'buku lanu royal albatross ndi mtundu umodzi pomwe lero ndi iwiri. Harrison yemweyo anatulutsa buku latsopano mu 2021 mothandizana ndi Martin Perrow ndi Hans Larsson. Mukasunga lakalelo, lembani mayina atsopano m'mphepete ndi pensulo.

Kwa nyama zoyamwitsa, buku lakale limasocheretsa kwambiri pa killer whale. Kale ankajambula chithunzi chimodzi. Mu 2003 Robert Pitman ndi Paul Ensor anafotokoza magulu atatu a ku Antarctica. Type A ndi wamkulu, wakuda ndi woyera, wa m'madzi opanda ayezi, ndipo amasaka minke. Type B ali ndi banga loyera lalikulu kwambiri kuseri kwa diso ndipo msana ndi wotuwa. Type C, wa ku Ross Sea, ndi wamng'ono, banga lake ndi lopyapyala lopendekeka, ndipo amadya nsomba. Pambuyo pake Type B anagawidwa pawiri: aakulu amene amasambira pamodzi n'kupanga funde logwetsa katumbu pa ayezi, ndi ang'onoang'ono a ku Gerlache Strait. Type D, wa mutu wobulungira ndi kabanga kakang'ono zedi, anafotokozedwa mu 2011, ngakhale gulu lake linagwerapo pagombe la New Zealand mu 1955. Mukaona B kapena C wooneka wachikasu, si mtundu wina ayi, ndi ndere zing'onozing'ono zomera pakhungu.

FUNSO: Akatumbu ogona pa ayezi, onse ndi otuwa ndipo sagwedezeka. Poyambira ndi pati?

YANKHO: Yambani ndi mutu pouyerekeza ndi thupi. Weddell seal ali ndi thupi lonenepa, kamutu kakang'ono, nkhope yonga ya mphaka ndi mawanga thupi lonse, ndipo amakonda ayezi wogwirana ndi mtunda. Crabeater ndi wowonda, mphuno yaitali ngati ya galu, ubweya wotuwa moyera makamaka kumapeto kwa chilimwe, ndipo amagona m'timagulu pa ayezi woyandama. Ambiri ali ndi zipsera ziwiriziwiri zotsatana m'nthiti, zosiyidwa ndi mano a leopard seal pamene anali ana. Dzina lake, lotanthauza wodya nkhanu, lisakunamizeni, chakudya chake ndi krill (tinyama ting'onoting'ono ta m'nyanja), amene amamusefa ndi mano ake a timphanda. Leopard seal mutu wake ndi waukulu, kamwa lofika kutali, khosi looneka bwino, zipsepse zakutsogolo zazitali, ndipo amagona yekha. Aakazi amapitirira mamita 3. Ross seal amakhala mkati mwenimweni mwa ayezi ndipo saonekaoneka, choncho mukaganiza kuti mwamuona pa Peninsula, yang'ananinso kawiri ndipo mujambule khosi lake la mizeremizere.

Pagombe funso ndi limodzi: kodi ali ndi timakutu toonekera? Ngati ali nato ndipo akutha kudzuka n'kuyenda ndi zipsepse zonse zinayi, ndi Antarctic fur seal, amene ochuluka zedi amaswana ku South Georgia. Ameneyu amathamanga pamtunda kuposa mmene mungaganizire. Wopanda makutu, wokwawa ndi mimba, wamaso aakulu akuda, ndi southern elephant seal. Mphuno yolendewera ili ndi amuna aakulu okha, amene amatha kupitirira matani 3, choncho musaidikire pa aakazi ndi ana.

Poti tili pagombe, tiwonjezepo za ma penguin, ngakhale ndi osavuta. Msampha uli pa ana. Adélie wamkulu mutu ndi khosi n'zakuda, ndi mkombero woyera kuzungulira diso, koma wa chaka chimodzi kukhosi n'koyera, ndipo anthu amamutcha chinstrap. Onani ngati kuyera kwafika pamwamba pa diso komanso ngati pali kamzere kakuda kodutsa pansi pa chibwano. Zikapanda, ndi Adélie.

FUNSO: Ndigule magalasi oonera patali amphamvu bwanji, nanga zolemba ndizisunga motani pamalo onyowa chotero?

YANKHO: Pasitima, mphamvu yochuluka ndi mdani. Magalasi okuza ka 10 kapena ka 12 amakuzanso kugwedezeka kwa sitima ndi kunjenjemera kwa injini, ndipo amaona malo ochepa moti mbalame imatuluka m'diso musanaigwire. Tengani 8x42 kapena 7x50 osalowa madzi. Telesikopu ya pamiyendo itatu siithandiza sitima ikuyenda. Madontho a madzi amchere musawapukute ouma, chifukwa mchere umakanda galasi: tsukani kaye ndi madzi abwino, kenako nsalu yofewa. Pochoka panja pozizira kulowa m'chipinda chofunda, ikani kamera ndi magalasi m'thumba lapulasitiki lotseka mpaka zitafunda, apo ayi chinyontho chimadzaza pagalasi ndi m'kati mwa kamera. Batire losinthira likhale m'thumba la m'kati, pafupi ndi thupi, poti kuzizira kumalimaliza msanga.

Lembani ndi pensulo m'kabuku ka pepala losanyowa. Bolopeni imakana kulemba pozizira ndipo inki imasungunuka ikanyowa. Dongosolo lake ndi ili: yang'anani nyamayo mpaka itapita, lembani zimene mwaona, kenako tsegulani buku. Mukayamba ndi buku, maso amayamba kuona zimene zajambulidwa osati zimene zinalipo. Pa chilichonse lembani nthawi, malo a pa GPS, chiwerengero, mtunda, ndi mphamvu ya mphepo pa sikelo ya Beaufort, yoyambira 0 kufika 12. Ikapitirira 4 kapena 5, thovu la mafunde limabisa minke ndi hourglass dolphin, choncho kusaona kanthu tsiku lotero sikutanthauza kuti kunalibe. Pouza anzanu kumene nyama ili, yerekezani sitima ndi wotchi: kutsogolo ndi 12 koloko, kumanja 3, kumbuyo 6, kumanzere 9. Kwa mbalame malo abwino ndi kumbuyo, kumene ma albatross ndi Cape petrel amatsatira sitima ndiponso mphepo imachepa. Kwa anamgumi kwerani pamwamba chakutsogolo.

FUNSO: Kodi ndingayandikire bwanji kuti ndione zizindikiro zing'onozing'ono ngati kamzere ka pamlomo?

YANKHO: Kuzindikira dzina si chifukwa chosendera pafupi. Malamulo a IAATO, bungwe la eni sitima za alendo limene linakhazikitsidwa mu 1991, amati mutalikirane ndi nyama mamita osachepera 5, fur seal mamita 15, ndipo ma elephant seal aamuna akamamenyana mamita 25. Nyama ikasintha zimene imachita chifukwa cha inu, monga kudzutsa mutu kapena kusiya kudyetsa mwana, bwererani m'mbuyo ngakhale mamitawo akwana. Chiyambireni pamene chimfine cha mbalame cha H5N1 chinapezeka mwa ma brown skua ku Bird Island, South Georgia, mu Okutobala 2023, kenako pa Peninsula mu Febuluwale 2024, alendo saloledwa kukhala pansi, kugwada kapena kuika chikwama pansi pafupi ndi nyama. Buku lanu nalonso lisakhudze nthaka: likhale m'jekete kapena litsale m'sitima. Nsapato zitsukidwe ndi mankhwala ophera tizilombo potsika ndi pokwera, ndipo mukaona mbalame yakufa, kapena yozungulirazungulira ndi kupotoza khosi, musaigwire, kauzeni wotsogolera ulendo nthawi yomweyo.